Momwe Chiwelshi Chinalowera M'maofesi a Boma

1. Dziko ndi chilankhulo chake

Wales ndi limodzi mwa mayiko a ku Britain. Likulu lake ndi Cardiff. Anthu ake ali ndi chilankhulo chawochawo, Chiwelshi. Sichifanana ndi Chingerezi ngakhale pang'ono.

Mu 1536, mfumu Henry VIII inalamula kuti milandu ku Wales izizengedwa m'Chingerezi. Wofuna udindo m'boma anayenera kudziwa Chingerezi. Chiwelshi chinatsala m'nyumba, m'minda ndi m'matchalitchi. Baibulo lomwe William Morgan anamasulira mu 1588 linathandiza kwambiri kuti chisafe.

2. Kathabwa ka m'khosi

M'zaka za m'ma 1800, sukulu zina zinali ndi kathabwa kolembedwa zilembo ziwiri, WN, kutanthauza kuti Chiwelshi n'choletsedwa. Mwana akamveka akulankhula Chiwelshi, ankamukoleka kathabwako m'khosi. Iye ankatchera khutu kuti agwire mnzake amupatsire. Wotsala nako poweruka ndiye ankakwapulidwa. Mwina ena mwa inu mukukumbukira chilango chonga ichi pa sukulu yanu.

3. Banja lomwe linakana msonkho

M'mudzi wa Llangennech munali banja la a Beasley. Bambo Trefor ankakumba malasha mumgodi. Mayi Eileen anali mphunzitsi. Mu 1952, banjali linakana kulipira msonkho wa nyumba. Silinakane chifukwa cha umbombo ayi. Linkafuna kuti khonsolo ya Llanelli ilembe kalata ya msonkhoyo m'Chiwelshi.

Chodabwitsa n'chakuti makhansalawo ankalankhula Chiwelshi kwawo. Koma pa pepala anakana.

A Beasley anaitanidwa kukhoti kambirimbiri. Olanda katundu anabwera kangapo n'kunyamula katundu wa m'nyumba. Banjali linali ndi ana aang'ono, koma silinagonje. Zaka zisanu ndi zitatu zinapita. Mu 1960, khonsolo inatumiza kalata ya m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo a Beasley analipira.

Mu 1962, womenyera Chiwelshi wina, Saunders Lewis, analankhula pa wayilesi, n'kupempha anthu kuti atengere chitsanzo cha banjali. Chaka chomwecho kunabadwa gulu lomenyera Chiwelshi la Cymdeithas yr Iaith Gymraeg. Achinyamata ake ankatseka misewu ndi kupaka penti zikwangwani za Chingerezi chokhachokha. Ambiri anamangidwa.

4. Malamulo

Lamulo la 1967 linalola munthu kulankhula Chiwelshi m'khoti. Mu 1982 wayilesi ya kanema ya Chiwelshi, S4C, inatsegulidwa. Lamulo la 1993 linakhazikitsa bungwe lolimbikitsa chilankhulochi, koma mphamvu zake zokakamiza zinali zochepa.

5. Komishonala

Mu 2011, nyumba ya malamulo ya ku Wales inavomereza Chiwelshi kukhala chilankhulo cha boma. Inakhazikitsanso udindo wa Komishonala wa Chiwelshi. Woyamba anali mayi Meri Huws, amene anayamba ntchito mu 2012.

Komishonala amapereka malamulo kwa makhonsolo, apolisi, mayunivesite ndi mabungwe a zaumoyo. Ukawalembera kalata m'Chiwelshi, mabungwewa ayenera kukuyankha m'Chiwelshi. Ukaimba foni, uyenera kupeza wokuthandiza m'chilankhulocho. Akakunyalanyaza, umakadandaula kwa Komishonala, iye n'kufufuza. Ofesi yochita makani ikhoza kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 5,000. Wina akakuletsa kucheza ndi mnzako m'Chiwelshi, ngakhale kuntchito, nkhaniyo ukhoza kupita nayonso kwa Komishonala.

6. Chiwerengero

Komabe Komishonala sangalowe m'nyumba ya munthu kukauza mayi chilankhulo choti alankhule ndi mwana wake. Mu 1901, theka la anthu a ku Wales ankalankhula Chiwelshi. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 562,000. Wa 2021 anapeza 538,300, ndipo chiwerengero chinatsika kwambiri pakati pa ana. Boma la Wales likufuna kuti pofika 2050 olankhula Chiwelshi akwane miliyoni imodzi. Likudalira kwambiri sukulu zomwe zimaphunzitsa maphunziro onse m'Chiwelshi.