Mlatho wa ku Lucerne utapsa

Mumzinda wa Lucerne, ku Switzerland, muli mlatho wamatabwa wokhala ndi denga, wotchedwa Kapellbrücke, umene anthu akhala akuwolokerapo mtsinje wa Reuss kuyambira m'zaka za m'ma 1300. Usiku wa pa 18 Ogasiti 1993 moto unanyeketsa mbali yake yaikulu. Amisiri sanazengereze: pa 14 Epulo 1994 mlathowo unatsegulidwanso.

Ife tikuona kuti chovuta sichinali matabwa ayi. Kunsi kwa dengalo kunali zithunzi zojambula pamanja za m'zaka za m'ma 1600, zofotokoza mbiri ya mzindawo, ndipo pa zithunzi 147, zokwana 30 zokha n'zimene zinakonzeka bwinobwino. Ena anafuna kupachika zojambula zatsopano zofanana ndi zopsazo, koma mu 2014 eni mzinda anakana pa voti. Mpaka lero, woyenda pamlathopo akakweza maso amaona mipata, pena matabwa odetsedwa ndi moto.