Mutende, nyuzi imene inamangirira zilankhulo zathu ku boma

Woyenda pamsika wa ku Kafue amva Chinyanja, Chitonga ndi Chibemba zikupikisana pamalonda a nsomba za mumtsinje, koma akafuna nyuzipepala apatsidwa ya Chingerezi. Ambiri amati ndi mmene zinakhalira kuyambira kale. Ayi ndithu. Kuyambira 1936 mpaka 1952 dziko lino la Zambia linali ndi nyuzipepala ya boma yotchedwa Mutende, yosindikizidwa m'Chingerezi, Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Inaphunzitsa anthu kuwerenga nkhani m'chilankhulo cha kwawo, koma inasiyanso chizolowezi chimene sichinachokebe: chakuti nkhani yolembedwa m'Chinyanja ndi mawu a boma, ndipo wofuna kutsutsa boma alembe m'Chingerezi.

Mutende inabadwa ndi mantha. Mu Meyi 1935 ogwira ntchito m'migodi ya ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya ananyanyala ntchito msonkho utakwezedwa, ndipo ku Luanshya apolisi anawombera ndi kupha anthu 6. Bungwe lofufuza, lotsogoleredwa ndi Sir Alison Russell, linaloza chala mabuku a Watch Tower kuti ndiwo ankasokoneza mitu ya anthu. Atsamunda anazindikira kuti Afirika odziwa kuwerenga achuluka, ndipo akapanda kupatsidwa chowerenga adzadzipezera okha. Chaka chotsatira nyuziyo inatuluka, dzina lake la Chibemba lotanthauza mtendere. Dzinalo likuulula zonse. Sanaitche choonadi kapena mawu a anthu, anaitcha chimene boma linkasowa kumigodi.

Owerenga amene boma linkawaopa ndi omwe sukulu ngati ya pano pa Kafue inkatulutsa. Amishoni a Methodist anali ndi Kafue Training Institute, imene lero ndi Kafue Boys Secondary School, ndipo kumeneko kunaphunzira Harry Mwaanga Nkumbula asanakhale mphunzitsi. Njanji imene inawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906 inkanyamula aphunzitsi, akalaliki ndi ofuna ntchito pakati pa Livingstone ndi kumigodi, ndipo mphekesera zinkakwera sitima yomweyo. Mutende inayenera kupikisana ndi mphekeserazo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inapambanako, chifukwa mabanja a asilikali a Northern Rhodesia Regiment, amene anafika mpaka ku Burma, ankafuna kumva za ana awo, ndipo wodziwa kuwerenga mmodzi ankawerengera gulu.

Ena anganene kuti tikuichimwira nyuziyi, popeza inkasindikiza makalata a owerenga, ndipo m'makalatamo anthu ankakangana za maphunziro, za ukwati ndi za moyo wa m'tauni. N'zoona, ndipo olemba mbiri amawagwiritsabe ntchito makalatawo. Koma kalata iliyonse inkadutsa m'manja mwa mkonzi wolembedwa ntchito ndi boma, ndipo mbuzi yomangidwa imadya pomwe chingwe chalekezera. Kufupika kwa chingwecho kunaonekera pa nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Afirika ambiri anachikana, Nkumbula anakhala mtsogoleri wa African National Congress mu 1951, koma nyuzi ya boma sikanatha kuima ndi owerenga ake pa mlandu umene mwini wake ankaukankha. Mutende inaleka kutuluka mu 1952. Mu 1953, chaka chimene Chitaganya chinayamba, malo ake anatengedwa ndi African Eagle, ya kampani ya azungu ya African Newspapers ya ku Salisbury.

Enanso amati wailesi ndiyo inapha Mutende. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kogulitsidwa mapaundi 5, kamene Harry Franklin wa ku ofesi ya zofalitsa nkhani analimbikira kuti kapangidwe, ndipo nyimbo za Alick Nkhata zinayamba kumveka kuchokera ku Lusaka. Wosadziwa kuwerenga sanafunenso womuwerengera. Komabe wailesi ikanakhala mfiti yake, bwenzi nyuzipepala zina zitafera limodzi. M'malo mwake zinabadwa. Dr Alexander Scott anayambitsa African Times mu 1957, kenako African Mail mu 1960 mothandizana ndi David Astor ndi Richard Hall. Nyuzi zimenezi zinkapereka mpata kwa omenyera ufulu, ndipo zinkatero m'Chingerezi. Zilankhulo zathu zinatsalira ku ofesi ya boma, imene ufulu utabwera inkatulutsa Tsopano m'Chinyanja, Imbila m'Chibemba, Intanda m'Chitonga ndi Liseli m'Chilozi. Boma linasintha, koma mwini nyuzi za m'zilankhulo zathu anakhalabe boma. Ngakhale Weekly Post ya Fred M'membe, imene inayamba mu 1991 n'kudzatsekedwa mu 2016 itatchuka ndi dzina lakuti The Post, inamenya nkhondo zake m'Chingerezi.

Chotsutsa champhamvu koposa n'cha ndalama. Amati zilankhulo m'Zambia n'zambiri, chilichonse owerenga ake n'ngochepa, ndipo eni malonda salipira zotsatsa m'nyuzi ya anthu osauka. Mfundoyi ili ndi mano, koma mbiri ya kwina ikuifooketsa. Ku San Francisco, Atchaina anali kagulu kochepa kozunzidwa ndi malamulo a tsankho, koma m'busa Ng Poon Chew anayambitsa Chung Sai Yat Po mu 1900, ndipo nyuzi ya tsiku ndi tsiku ya Chitchainayo inakhala mpaka 1951, chaka chimodzi Mutende isanafe. Inatha zaka 51 pomwe Mutende inatha 16, ngakhale kumbuyo kwa Mutende kunali thumba la boma. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku San Francisco inali ya anthu omwe ankaiwerenga, ndipo inkawalankhulira potsutsa malamulo owatsekera kunja. Pafupi pano, John Dube anayambitsa Ilanga lase Natal mu 1903, ndipo nyuzi ya Chizulu imeneyo ikugulidwabe. Ku Malawi nako Chichewa chili ndi masamba ake m'nyuzipepala zosakhala za boma, monga Tamvani ndi Fuko.

Chinyanja sichinasowe olankhula. Ogwira ntchito amene anadzaza Kafue Estates fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia itatsegulidwa mu 1970 anachokera m'zigawo zonse, ndipo ana awo anakula akumvana m'Chinyanja cha m'tauni. Lero chimamveka pamawailesi osakhala a boma, anthu akuimba foni kudzudzula makhansala, ndipo chimalembedwa tsiku lililonse pa Facebook ndi pa WhatsApp, aliyense ndi kalembedwe kake. Papepala pokha ndi pamene chikudikirabe mkonzi wosalandira malipiro ku boma.