Njinga ikumwa mafuta: mbiri ya kabuleta, injekita ndi akabaza a kwa Mavwere

Pa Waliranji, m'mbali mwa msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, dandaulo limene amakaniko a njinga zamoto amalimva kwambiri ndi lakuti njinga ikumwa mafuta. Wakabaza sadera nkhawa utsi kapena phokoso. Chimene chimamuwawa n'chakuti lita imene dzana inamufikitsa kumudzi wakutali m'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere n'kubwerako, lero yathera panjira, chonsecho madzulo ayenera kupereka ndalama ya mwini njinga, komanso kunyumba akudikira ndiwo.

Kwa zaka zambiri, mankhwala a vutoli akhala m'manja mwa mmisiri wa sikuludiraiva ndi khutu lakuthwa. Koma kumaiko kumene njingazi zimapangidwa, zinthu zinasintha kale. Kabuleta ikutha, m'malo mwake mukulowa injekita yolamulidwa ndi kompyuta, ndipo pa intaneti payala timabokosi tolumikiza ku injini, timene ogulitsa amati timawonjezera mphamvu n'kupulumutsa mafuta. Kodi kabokosi kotere kangamuthandize munthu wa kwa Mavwere? Yankho lili m'mbiri ya kachitsulo kamene wakhala akukadalira mpaka lero.

Kumene zinayambira

Injini ya petulo imadya mpweya wambiri kuposa mafuta. Kuti petulo wosasakaniza apse yense, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta. Mafuta akachuluka, ena amatuluka osapsa, ekizozi imafuka utsi wakuda ndipo ndalama zimathera mumsewu. Akachepa kwambiri, injini imatentha mopitirira, mavavu amapsa, pisitoni imatha kubooka. Aliyense amene anapangapo njinga yamoto wakhala akulimbana ndi muyeso umenewu.

Mu 1885, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach a ku Germany anamangirira injini ya petulo pa njinga yamatabwa. Mu 1893 Maybach anapanga kabuleta ya kabowo kopopera mafuta, imene nzeru yake sinasinthe kwenikweni kufikira lero. Chaka chotsatira, 1894, kampani ya Hildebrand & Wolfmüller ya ku Munich inayamba kupanga njinga zamoto zogulitsa kwa anthu.

Nzeru ya kabuleta ndi yosavuta. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya kudzera pakhosi lopanikiza. Mpweya ukamathamanga pakhosipo umayamwa petulo m'kambale kapansi kudzera pa jeti, kachitsulo kamkuwa kokhala ndi kabowo kochepa kuposa mutu wa machesi. Kukula kwa kabowoko ndi kumene kumanena kuti njinga imwa zochuluka bwanji. Palibe magetsi, palibe kompyuta, ndipo munthu wa sipanala ziwiri akhoza kuimasula pansi pa mtengo.

Njinga ifika kumudzi

M'masiku amene boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, njinga yamoto inali ya ansembe, mabwana a boma ndi eni maesiteti. Dziko litalandira ufulu mu 1964, inasanduka chizindikiro cha ntchito. Anthu akamva kulira kwa Yamaha DT kapena AG kumudzi ankadziwa kuti kwabwera mlangizi wa zaulimi, woyendera sukulu kapena wogwira ntchito m'bungwe. Mlimi wamba ankayenda pa njinga yakapalasa, ndipo kabaza woyamba anali wopalasa ndithu, kampando kofewa kali pakaliyala.

Zimene zinatsegula njira zinachitikira kutali. Mu 1958 kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa Super Cub, kanjinga kosamwa mafuta ambiri. Mu 1975 inatulutsa CG125, itaona kuti m'maiko osauka anthu amanyamula katundu wopitirira muyeso, amayenda m'fumbi ndipo amachedwa kusintha oilo. Choncho inapanga injini yopirira nkhanza zoterozo. Patapita zaka, makampani a ku China, monga Lifan imene inayamba mu 1992 mumzinda wa Chongqing, anatengera injini ziwirizi n'kumazipanga zambirimbiri pamtengo wotsika. A ku India nawo anabwera ndi Boxer ya Bajaj komanso njinga za TVS.

Pambuyo pa chaka cha 2010, njinga zoterezi zinayamba kusefukira m'Malawi kudzera ku Mozambique, Tanzania ndi Zambia. Maina ngati Lifo, Sanlg ndi Kinglion anakhala odziwika ngakhale kwa ana. Mchinji, pokhala boma la m'malire lokhala ndi chipata cha Mwami cholowera ku Chipata, silinachedwe kuzilandira. Mlimi akagulitsa mtedza, soya kapena fodya, njinga yamoto inayamba kupikisana ndi malata pa zinthu zoyamba kugula. Lero mayi wapakati wopita kuchipatala, thumba la feteleza, mbuzi yomangidwa miyendo, zonse zimayenda pa kabaza, ndipo pafupifupi njinga zonsezi ndi za kabuleta.

Sukulu ya pansi pa mtengo

Ntchito ya makaniko wa njingazi ndi yofunika kuionera pafupi. Wakabaza akafika ndi dandaulo lake, mmisiri sayamba ndi kabuleta. Amamasula pulagi n'kuiyang'ana kunsonga. Ikakhala yakuda, ya mwaye wouma, ndiye kuti mafuta akuchuluka. Ikayera mbuu, akuchepa. Ikakhala yofiirira pang'ono, vuto lili kwina, mwina tcheni chalimba, matayala aphwa kapena mabuleki akugwira. Kenaka amatsegula kambale kapansi pa kabuleta n'kukhuthulira petulo padzanja. Nthawi zambiri pansi pake pamatsalira timchenga tofiira ndi kadontho ka madzi kogudubuzika pakokha, kosasakanikirana ndi mafuta. Amachotsa jeti, kuipemerera ndi pakamwa, kuiloza kudzuwa kuti aone ngati kuwala kukudutsa, n'kuibwezera. Akailiza njinga amapotokola kasikuluwu pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa, mpaka injini ilire mofanana.

Zinthu ziwiri zimachititsa kuti luso limeneli likhale lofunika kwambiri kuno. Choyamba ndi kukwera kwa malo. Chigwa cha Mchinji chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepukirapo ndi 10 peresenti kapena kuposerapo pang'ono. Kabuleta yotcheredwa kufakitale ya m'mbali mwa nyanja ikafika kuno imapereka mafuta ochulukirapo, chifukwa jeti sidziwa kuti yakwera phiri.

Chachiwiri ndi petulo wathu. Kuyambira 1982, pomwe kampani ya Ethco inayamba kupanga ethanol ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, dziko lino lakhala likusakaniza ethanol ndi petulo, ndipo mu 2004 PressCane ya ku Chikwawa inalowa nawo m'ntchitoyi. Mlingo wake umatha kufika 20 peresenti, ngakhale umasinthasintha malinga ndi kupezeka kwake. Ethanol ali ndi mphamvu yocheperapo pa lita iliyonse ndipo amafuna mpweya wochepa kuti apse, choncho amachepetsako vuto la kukwera kwa malo. Koma amakoka chinyezi. Mafuta akasowa pamafilingisiteshoni, monga zinakhalira mu 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022, wakabaza amagula a m'zigubu ndi m'mabotolo kwa mavenda, ndipo kadontho ka madzi kaja kamachokera kumeneko. Kabuleta imakhululuka zimenezi, chifukwa imayeretsedwa m'mphindi zochepa pamtengo umene wakabaza angaukwanitse.

Kompyuta ilowa m'malo mwa jeti

Pamene CG125 inkafalikira m'maiko osauka, maiko olemera anali atayamba njira ina. Mu 1980 Kawasaki inatulutsa Z1000 yokhala ndi injekita. Honda inatsatira ndi CX500 Turbo mu 1982, ndipo BMW inabwera ndi K100 mu 1983. Pa njinga zotere, pampu yamagetsi imakankha petulo mwamphamvu kupita ku injekita, kampopi kamene kamatseguka ndi kutsekeka m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Kompyuta yotchedwa ECU imawerenga masensa oyeza kutentha kwa injini, kulemera kwa mpweya, mmene dzanja lapotokolera mafuta, ndi mpweya wotsala mu utsi, kenaka imalamula kuti injekita itseguke nthawi yaitali bwanji. Zimene mmisiri amachita kamodzi ndi khutu, ECU imachita kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo kukwera kwa malo imakuwerengera yokha.

Poyamba izi zinali za njinga zodula. Chimene chinazitsitsira ku njinga za anthu wamba ndi malamulo oletsa utsi woipa. Super Cub inalandira injekita mu 2007. Ku Brazil, dziko la nzimbe ngati lathu, Honda inatulutsa mu 2009 CG 150 Titan Mix yotha kuyendera petulo, ethanol kapena zosakaniza. China inakhwimitsa malamulo ake a njinga zamoto mu 2019, ndipo India inayamba kutsata muyeso wa BS6 pa 1 Epulo 2020, zimene zinachititsa kuti njinga zambiri zogulitsidwa m'maikowa zisiye kabuleta yakale. Zotumizidwa ku Africa zambiri zikadali za kabuleta chifukwa malamulo a utsi kuno sanakhwime. Koma mafakitale amene amatidyetsa ndi omwewo, ndipo chakudza sichiyimba ng'oma.

Kabokosi kowonjezera

Anthu okonda liwiro sanasiye kusewera ndi muyeso wa mafuta. M'nthawi ya kabuleta ankagula majeti a kukula kwina, ndipo kampani ya Dynojet ya ku America inatchuka ndi malonda amenewa. Injekita itabwera, panalibenso jeti yoti asinthe, choncho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani yomweyo inatulutsa kabokosi kotchedwa Power Commander. Pambuyo pake panabwera ena, monga Rapid Bike ya ku Italy, ndi PowerTronic ndi FuelX za ku India. Ena mwa timabokositi timakhala pakati pa ECU ndi injekita n'kumatalikitsa kapena kufupikitsa nthawi yopopera mafuta. Ena timasintha uthenga wochokera ku sensa ya mu ekizozi. Njira yachitatu ndi kufufuta zimene fakitale inalemba mu ECU n'kulembamo zina.

Chofunika kumvetsa ndi ichi. Fakitale imatchera njinga kuti imwe mafuta ochepa pofuna kukwaniritsa malamulo a utsi. Ntchito imene kabokosi kamagwira nthawi zambiri ndi kuwonjezera mafuta, makamaka kwa munthu amene wasintha ekizozi ndi sefa ya mpweya. Njinga imatha kukoka bwinoko ndi kuzizirirapo, koma thanki imatha msanga ndipo utsi umaipa. Mu 2016 kampani ya Harley-Davidson inavomera kulipira boma la America chindapusa cha madola 12 miliyoni pa mlandu wogulitsa zipangizo zoterezi pafupifupi 340,000 zimene zinkawonjezera utsi woipa.

Kwa munthu amene njinga ndi khasu lake, kabokosi kotere n'kogula vuto ndi ndalama zake. Pa injini ya 125cc kapena 150cc mphamvu yowonjezereka ndi yochepa, ndipo liwiro si chimene kabaza akusowa, pamene zipatala zathu zadzaza ndi anthu othyoka miyendo pangozi za njinga. Amene ali ndi njinga yaikulu ya injekita ndipo ali ndi chifukwa chenicheni, asankhe kabokosi kopangidwira mtundu ndi chaka cha njinga yakeyo, kolumikiza popanda kudula mawaya kuti kathe kuchotsedwa, kotsekedwa bwino kuti fumbi la Okutobala ndi matope a Januwale zisalowe. Aonetsetsenso kuti pali mmisiri wokhala ndi chida choyezera utsi, chifukwa kutchera kongoganizira kumawotcha injini, ndipo adziwe kuti wogulitsa njinga akhoza kukana kuikonza mwaulere akapeza kuti yaseweredwa.

Chimene chikufunika kwa Mavwere

Njinga ya injekita yosaseweredwa ingamupindulire wakabaza: imalira msanga m'mamawa wa Juni popanda choko, ndipo imamwa mafuta mosamala. Koma ili ndi zofuna zake. Timabowo ta injekita timatsekeka ndi timchenga timene jeti ikanatipirira. Pampu yake imaziziritsidwa ndi petulo wa m'thanki, choncho chizolowezi chothira theka la lita n'kuyenda mpaka njinga itsokomole chimaipha msanga. Zambiri zimafuna batire lamphamvu, pamene akabaza ambiri anazolowera kuyenda ndi batire lakufa, kumangoliza ndi kiki. Ndipo ikazima pakati pa munda ndi msika, kuyang'ana pulagi kokha sikukwanira.

Apa ndi pamene pali ntchito. Amisiri a pa Waliranji, Kamwendo ndi misika ina ya ku Mchinji anaphunzira kabuleta poyang'ana manja a anzawo, popanda wowathandiza, ndipo ayendetsa boma lonse ndi luso limenelo. Zamagetsi siziphunzirika poyang'ana chabe. Zimafuna mita yoyezera magetsi, kachida kowerengera zolakwika mu ECU, ndi munthu wofotokoza tanthauzo la manambala. Bungwe la Teveta, makoleji a ntchito zamanja a m'madera, makampani oitanitsa njinga ndi magulu a akabaza ali ndi mpata wophunzitsa amisiri amenewa kudakali nthawi, pamalo pomwe amagwirira ntchito komanso m'Chichewa. Akapanda kutero, njinga iliyonse yatsopano ikafa izikwezedwa pa lole kupita ku Lilongwe kapena ku Chipata, ndalama ya mlimi wa mtedza izithera kumeneko, ndipo mnyamata amene akanadya za luso lake kwa Mavwere azingoionera ikudutsa.