Za Tsiku la 16 August ndi Oyimba Asanu

Pamene tiphunzitsa ana mbiri ya dziko m'sukulu, titsata zaka, caka ndi cinzace, monga wolima atsata mzere m'munda. Koma iripo njira yina yowerengera mbiri, ndiyo kutenga tsiku limodzi la mwezi ndi kufunsa zimene zinacitika tsikulo m'zaka zosiyana. Mwezi uno tatenga tsiku la 16 August. Pa tsiku limeneli anamwalira Robert Johnson mu 1938, Elvis Presley mu 1977, ndi Aretha Franklin mu 2018. Pa tsiku lomweli anabadwa Madonna mu 1958, ndipo Pete Best anacotsedwa m'gulu la Beatles mu 1962. Onsewa ndi oyimba a ku America ndi ku England, ndipo nyimbo za ena mwa iwo zamveka pa wailesi kufikira m'midzi mwathu muno. Tsikuli liribe mphamvu ina yace yoposa masiku anzace, zinthuzi zinangokomana. Koma tikaziika pamodzi zitionetsa cinthu coyenera kucilingalira, ndico kumene nyimbozi zinacokera, ndi amene anadya phindu lace. Cifukwa cace sititsata zaka m'nkhani yino, koma titsata nyimbozo monga munthu atsata mtsinje kucokera ku gwero.

Gwerolo liri kumwera kwa America, m'dziko la Mississippi ndi maiko oyandikana nalo. Kumeneko kunakhala anthu akuda ambirimbiri, zidzukulu za akapolo otengedwa ku Africa. Ukapolo unatha mu 1865, koma umphawi sunathe. Anthuwo anapitirira kulima thonje m'minda ya eni ace, ndipo malamulo anawalekanitsa ndi azungu m'sukulu, m'sitima ndi m'nyumba zodyera. M'mabvuto amenewa anasunga mitundu iwiri ya nyimbo. Mtundu woyamba ndiwo nyimbo za m'kacisi, m'mene mtsogoleri ayambitsa ndi mpingo ubvomera, monga ticita ife. Mtundu waciwiri ndiwo blues, nyimbo za munthu mmodzi ndi gitala wace, zodandaula za njala, za ulendo, ndi za cikondi cotha.

Robert Johnson anali woyimba blues. Anabadwa ku Mississippi mu 1911, nakhala moyo woyendayenda, kuyimba pa mphambano za miseu ndi m'nyumba zobvinira kuti apeze cakudya ndi pogona. Popeza luso lace linakula msanga, anthu anapeka nthano yakuti anagulitsa moyo wace kwa mdierekezi usiku pa mphambano. Coona ncakuti anacoka kwao nthawi ndithu, nakaphunzira kwa munthu wina wodziwa gitala, naumirira kufikira zala zinazolowera. Mu 1936 ku San Antonio ndi mu 1937 ku Dallas anajambula nyimbo 29 pa mbale za galamafoni, nalandira kandalama kocepa nthawi yomweyo, basi. Anamwalira pafupi ndi mudzi wa Greenwood ali ndi zaka 27 zokha. Ambiri anena kuti anamthira mankhwala m'cakumwa, koma kalata ya imfa yace sichula cimene cinamupha, ndipo pali malo atatu osiyana pamene anthu anaimika mwala ndi kunena kuti manda ace ndi awa. Mu 1961 nyimbo zace zinasindikizidwanso, ndipo anyamata a ku England, monga Eric Clapton ndi a gulu la Rolling Stones, anaziphunzira naziyimba pamaso pa makamu. Mu 1990 zinaturukanso zonse pamodzi, nizigulidwa koposa miliyoni imodzi. Iye mwini sanalaweko kanthu.

Amene anaolotsa nyimbo zotere kumka nazo kwa azungu ambiri ndiye Elvis Presley. Anabadwa mu 1935 ku Tupelo, m'dziko lomwelo la Mississippi, m'banja la azungu osauka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Anaphunzira kuyimba m'kacisi mwa makolo ace, ndipo banja litasamukira ku Memphis mu 1948 anamvetsera kwambiri nyimbo za anthu akuda. Mu July 1954, ali ndi zaka 19, ali pa nchito yoyendetsa galimoto la katundu, anajambula kwa Sam Phillips nyimbo yochedwa "That's All Right". Mwini nyimboyo anali Arthur Crudup, munthu wakuda wa ku Mississippi, amene anaijambula kale mu 1946. Pofika 1956 dzina la Elvis linali pakamwa pa America yense, ndipo anthu anayamba kumchula Mfumu. Iye sanabise kuti mayimbidwe ace anawatenga kwa anthu akuda. Koma makampani a mbale sanampatse Crudup gawo lace, ndipo anagwira nchito za m'minda zaka zambiri, namwalira mu 1974 ali kulondolabe ndalama zace.

Kodi Elvis mwini anapeza mtendere? Cuma anacipeza, nagula nyumba yaikuru yochedwa Graceland, nasewera m'zithunzi za kanema 31. Koma woyang'anira nchito zace, Tom Parker, anafikira potenga theka la ndalama zina zimene Elvis analandira, namuumiriza nchito yosapuma. M'zaka zotsiriza Elvis anamwa mankhwala a kwa madotolo kopitirira muyeso, ena ogonetsa, ena odzutsa, ndipo thupi linalema. Pa 16 August 1977 anampeza atagwa m'nyumba mwace. Mtima unaleka, ali ndi zaka 42. Cimene ambiri sacidziwa ndi ici: mwa mphotho zochedwa Grammy, zimene oyimba a ku America apikisana nazo caka ndi caka, iye anapambana zitatu, ndipo zonse zitatu zinali za nyimbo za m'kacisi. Akuru anati, madzi saiwala khwawa.

Tsono tioloke nyanja kumka ku England. Mu mzinda wa Liverpool, umene uli dooko la zombo, anyamata anamva mbale za Elvis ndi za oyimba akuda, napanga timagulu tao. Limodzi linali la Beatles. Kuyambira August 1960 woomba ng'oma wao anali Pete Best. Iyeyu anabvutika nao pamodzi zaka ziwiri, kuyimba usiku wonse m'nyumba zomwera za ku Hamburg ku Germany, ndi kugona m'tizipinda tonyansa. Mu June 1962 anakayesedwa ku London pamaso pa George Martin, mkuru wojambula nyimbo, ndipo iye sanakondwere ndi kaombedwe ka ng'omazo. Pa 16 August woyang'anira gululo, Brian Epstein, anaitana Best ku ofesi yace, namuuza kuti anzace samfunanso. Anzacewo sanabwere kudzanena okha. M'malo mwace analowa Ringo Starr. Mu October caka comweco inaturuka mbale yao yoyamba ya "Love Me Do", ndipo posacedwa anakhala gulu lochuka koposa onse pa dziko lapansi. Best anakagwira nchito yonyamula mikate, pambuyo pace nakhala kalaliki wa boma zaka ngati 20, kuthandiza anthu ofuna nchito. Kufikira 1995, pamene nyimbo zakale za gululo zinasindikizidwa pamodzi ndi zina zimene iye anaombamo, mpamene analandira ndalama zooneka. Mwambi wathu wa amene anaomba ng'oma ndi wocenjera amene anabvina ukumbukika pano, cinkana munthuyu sanali wopusa ai.

Tibwerere ku America. Aretha Franklin anabadwa mu 1942 ku Memphis, mzinda womwewo umene Elvis anaferamo, nakulira ku Detroit, kumene atate wace, C. L. Franklin, anali mbusa womveka wa mpingo wa New Bethel Baptist. Amai wace anamwalira iye asanakwanitse zaka 10. Anaphunzira kuyimba ndi kuliza piyano m'kacisi mwa atate wace, ndipo mau ace anajambulidwa koyamba momwemo mu 1956, ali ndi zaka 14. Atalowa m'nyimbo za kudziko anakhala zaka zisanu ndi cimodzi osapambana kwenikweni, pakuti kampani yoyamba inamyimbitsa mayimbidwe osamuyenera. Mu 1967 kampani ya Atlantic inamlola kukhala pa piyano ndi kuyimba monga anazolowera m'kacisi, ndipo pomwepo dziko linachera khutu. Nyimbo ya "Respect", imene anaipeka Otis Redding, inasanduka m'kamwa mwace mpfuu ya akazi ndi ya anthu akuda ofuna ulemu. Anayimba pa maliro a Martin Luther King mu 1968, ndi pa kulumbira kwa Barack Obama mu 2009. Mu January 1972 anabwerera m'kacisi ku Los Angeles, najambula nyimbo za Mulungu pamodzi ndi kwaya ndi mpingo. Mbaleyo inagulidwa koposa mamiliyoni awiri. Mu 1987 anakhala mkazi woyamba kulembedwa m'nyumba ya cikumbutso ya Rock and Roll Hall of Fame. Popeza anaona oyimba akuda ambiri ali kunyengedwa, anazolowera kufuna malipiro ace m'manja asanayimbe, ndipo cikwama cace cinakhala pafupi naye pa bwalo poyimbira. Anamwalira ku Detroit ndi nthenda ya khansa, ali ndi zaka 76, patapita zaka 41 cimwalirire Elvis. Anthu anazizwa kuti Mfumu ndi Mfumukazi ya nyimbo anatsikira kuli cete pa tsiku limodzi.

Watsala mmodzi, amene tsikuli kwa iye ndi la kubadwa. Madonna anabadwa ku Bay City m'dziko la Michigan, nakulira pafupi ndi Detroit, mzinda wa Aretha, pakati pa nyimbo za anthu akuda a kumeneko. Nayenso anataya amai wace ali wamng'ono, wa zaka 5. Anamuka ku New York wopanda cuma, naturutsa mbale yace yoyamba yaikuru mu 1983, ya nyimbo zobvina. Mabvalidwe ace ndi masewero ace ena anakwiyitsa anthu a mipingo kawirikawiri. Koma pa nkhani ya phindu anacenjera: mu 1992 anayambitsa kampani yace ya Maverick, kuti akhale mwini wa nchito, wosati wolembedwa cabe. Iyeyu ndiye amene njira yace inafika kwathu kuno. Mu 2006 anayambitsa bungwe la Raising Malawi, ndipo pakati pa 2006 ndi 2017 anatenga ana anai a Cimalawi kukawalera, nkhani imene inautsa mtsutso m'mabwalo a milandu ndi m'manyuzi. Mu July 2017 anatsegula nyumba yocitiramo opaleshoni ya ana pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Tero kadontho ka mtsinje uja wa ku minda ya thonje kanabwerera ku Africa.

Owerenga athu aona tsopano cimene tsikuli litiphunzitsa. Nyimbo zimene zinalemeretsa makampani ndi kudzaza mabwalo zinabadwira m'minda ndi m'makacisi a anthu osauka, ndipo mphotho sinagawidwe monga mwa nchito. Johnson ndi Crudup anafesa, ena nakolola. Best anasenza mtolo kufikira pa khomo, natsekeredwa kunja. Elvis anakolola zambiri, koma zinamlemera. Akazi awiriwo anaphunzira kugwira cao ndi manja awiri.

Nafenso tiri ndi ana m'makwaya athu ndi anyamata osema magitala ao, ndipo ena a iwo afuna kukajambula nyimbo ku tauni. Tisawaletse, pakuti luso ndi mphatso. Koma tiwalangize asaike dzina lao pa kalata ya pangano asanaiwerenge ndi kufunsa akuru odziwa. Pamene kwaya itenga nyimbo yopekedwa ndi munthu wa m'mudzi wina, ichule dzina lace poyera, ndi kumpatsa gawo lace ngati papezeka ndalama. Ndipo ife eni, tikamva nyimbo yotikomera pa wailesi, tizolowere kufunsa kuti anaipeka ndani, ndi kuti ali kudya ciani lero.