Kauboyi, kavalo ndi ngolo ya amalume

Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Indiana, m'dziko la America, adanditumizira kanema pa lamya ya m'manja tsiku lina. Mawu ake adali ochepa: "Amalume, taonani komwe mnzanga wa kuntchito amathera ndalama." M'kanemamo mudali mayi wa zaka ngati 50, chipewa cha khonde kumutu, ali pa kavalo wofiirira. Kavaloyo adathamanga liwiro la mtondo wadooka, kenaka mwadzidzidzi n'kukhalira miyendo yam'mbuyo, kutsetsereka pamchenga fumbi lili koboo, n'kuima njii. Anthu m'manja. Akuti mayiyo amabaya odwala jakisoni sabata yonse, Loweruka ndiye amakweza kavalo wake m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, ulendo wa ku mpikisano.

Kudali ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, komwe kuyambira 1967 kumachitikira chionetsero chachikulu cha akavalo chotchedwa All American Quarter Horse Congress. Kanemayo ndidamuonera katatu, ndipo ulendo wachitatuwo maganizo adali atachoka pa mayi uja. Adali pa malemu amalume anga ndi ngolo yawo ya ng'ombe, pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu.

Ndiulule pachiyambi pomwe kuti ife amene tidakulira ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970 kavalo tidamudziwira pa chinsalu. Galimoto ya kanema ikafika pabwalo la sukulu, tinkapirira nkhani za feteleza ndi za Ngwazi ikuyendera minda, podikira makauboyi. Chingerezi chawo sitinkatolapo kanthu, koma zibakera ndi mfuti sizilira womasulira. M'mawa mwake mwana aliyense adali atakwera phesi la chimanga, ati kavalo. Sitidali oyamba ife. Ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, komwe makolo athu ambiri adakagwirako ntchito, ana a m'ma 1950 ankatcha kauboyi aliyense wa m'kanema kuti Jack.

Kavalo weniweni adalibe mwayi kwathu kuno. Kumadzulo kwa boma, m'thengo lomwe lidasanduka Kasungu National Park mu 1970, mudali kashembe, ntchentche yopatsa anthu kaodzera ndi kupha ziweto, moti mu 1922 atsamunda adachita kusamutsamo anthu. Kavalo akapulumuka kwa kashembe ankakumana ndi nthenda ina ya akavalo yofalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, timene timachuluka m'dzinja. N'chifukwa chake mzungu wa ku Nyasaland, m'malo mokwera kavalo monga anzake a ku Joni, ankayenda pa machila. Tisapsatire mawu, akavalo ake adali agogo athu. Ku Zomba adakhazikitsako Gymkhana Club, dzina lomwe adalitola ku India ndipo kwawo ku Mangalande limanena masewera a pa akavalo, koma masiku amenewo munthu wakuda ankalowamo atanyamula thireyi ya zakumwa.

Nanga masewera a mayi wa jakisoni uja adachokera kuti? Kauboyi wa m'kanema ndi bwana, koma kauboyi weniweni adali waganyu. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kudali ng'ombe zosawerengeka zopanda msika, pomwe m'mizinda ya kumpoto nyama idali pa mtengo wabwino. Kuyambira 1867 anyamata olembedwa ntchito ankakusa ng'ombe zikwizikwi, miyezi iwiri kapena itatu ali m'njira, mpaka ku siteshoni ya sitima ya Abilene ku Kansas. Ambiri ndithu mwa iwo adali akuda ongomasulidwa kumene ku ukapolo, ena a ku Mexico, omwe ndiwo eni luso la chingwe ndi chishalo. Zimenezi chinsalu cha pasukulu chija sichidatiuze. Kavalo amene ankakwera kawirikawiri adali wa bwana, ndipo ntchito yakeyo siidakhalitse: patangotha zaka ngati 20, njanji ndi waya waminga zidaithetsa.

Ntchito itafa padatsala chionetsero. Buffalo Bill adayamba kuyendayenda ndi gulu lake la Wild West mu 1883, ndipo mu 1887 adakasangalatsa Mfumukazi Victoria ku London. Bill Pickett, munthu wakuda, adatchuka polumpha kuchoka pa kavalo n'kugwetsa ng'ombe ataigwira nyanga. Mu 1940 alimi a ziweto adakumana ku Fort Worth n'kukhazikitsa American Quarter Horse Association, bungwe losunga kaundula wa mtundu wa kavalo amene sapikisika pa mtunda waufupi, wa mamita pafupifupi 400. Bungweli ndi ena ofanana nalo ndiwo adaika malamulo a mipikisano yomwe mwana wa mlongo wanga adakaonera.

Mukayang'anitsitsa, mipikisano yambiri ndi ntchito yakale ya waganyu ija itavala malaya a Lamulungu. Wokwera amagwira zingwe ndi dzanja limodzi, chifukwa kale linalo linkafunika poponya chingwe chokolera ng'ombe. Pali mpikisano wotsekula ndi kutseka geti osatsika pa kavalo. Pali wina wopatula ng'ombe imodzi pagulu: munthu amapatsidwa mphindi ziwiri ndi theka, ndipo akangoipatula amalekerera zingwe kuti kavalo aitchinge yekha isabwerere kwa zinzake. Umenewu ndiye umandisangalatsa ine, poti wanzeru amaoneka kuti ndi kavalo. Wa mayi uja amautcha reining. Aliyense amayamba ndi mamalikisi 70, woweruza n'kumawonjezera kapena kuchotsera potengera mmene kavalo wazungulirira, waimira ndi kubwerera chafutambuyo.

Tsono pali gawo la amene amawatcha amateur, ndipo lamulo lake ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Kuti ulowe gawo limeneli uyenera kusonyeza kuti kwa zaka zingapo sudalandireko malipiro pophunzitsa kavalo, pophunzitsa anthu kukwera, kapena pokwerera munthu wina pa mpikisano. Mphoto utha kulandira, koma malipiro ayi. Kwa nthawi yaitali lamulo lidalinso lakuti kavaloyo akhale wako kapena wa m'banja mwanu. Cholinga n'chabwino, sindikukana, kuti namwino asalimbane ndi katswiri amene amaswera m'khola tsiku ndi tsiku. Koma taganizani, awerengi. Kauboyi wa mu 1870, wolipidwa pamwezi, wokwera kavalo wa bwana, atati adzuke lero, pakhomo la gawo limeneli akhoza kumubweza. Angamuuze kuti akalowe kwa akatswiri, ngati ndalama yolembetsera ali nayo.

Wina afunsa kuti nanga zikutikhudza pati ife a ku Kasungu. Pa fodya. M'zaka za m'ma 1950 kampani yotsatsa malonda ya Leo Burnett ku Chicago idaika kauboyi pa zikwangwani za ndudu za Marlboro, zomwe poyamba zinkagulitsidwa ngati ndudu za amayi, ndipo chithunzicho chidazungulira dziko lonse. Ndudu za mtundu umenewu amazisakaniza ndi fodya wa bale, ndipo Malawi adadzakhala mmodzi mwa maiko otumiza kunja bale wochuluka zedi. Mpaka 1990 mlimi wamba sankaloledwa kulima bale payekha. Adali fodya wa maesiteti, wolimidwa ndi matenanti ndi aganyu. Choncho ndudu imene kauboyi wa pachikwangwani ankasuta ali pa kavalo wake, mwina tsamba lake lina lidaumira m'chigafa cha kwathu.

Masamba amenewo amalume ndiwo ankawatuta. Adali woyendetsa ngolo pa esiteti ya mkulu wina wokhala m'tauni, ndipo malipiro awo adali matambala owerengeka patsiku. Ng'ombe ziwiri za pangoloyo, Bantomu ndi Sikochi, adaziphunzitsa goli okha. Mkwapulo ankanyamula, koma sindikumbuka tsiku lomwe adaugwiritsa ntchito. Likhweru limodzi, ng'ombe zaima, awiri, zakhota. Ankabweza ngolo yodzaza fodya chafutambuyo kulowa pakati pa nsanamira za chigafa, danga lotsala la chikhatho mbali iyi ndi iyo, iwo ali chiimire poteropo akupichira chingambwe. Amene adayendetsapo ngolo akudziwa kuti ng'ombe ili pagoli siikonda kubwerera m'mbuyo. Pa malamulo a ku America aja, amalume akadawerengedwa katswiri wolipidwa.

Chaka china kudali chionetsero cha zaulimi paboma, ndipo kapitawo adawatuma kuti akapikisane pa kulima ndi pulawo. Tidanyamuka kusanache, ine ndili pangolo nditakhalira thumba la madeya a ng'ombe. Mizere yawo idawongoka ngati yojambula ndi rula, moti alangizi amene ankaweruza sadachedwe n'kukambirana. Koma poitana wopambana adaitana dzina la esiteti, pakuti ng'ombe ndi pulawo zidalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Kapitawo ndiye adakwera pansanja kukalandira satifiketi ndi pulawo yatsopano. Nthawi imeneyo amalume adali kuseri akumwetsa ng'ombe madzi.

Pobwerera ndidawafunsa, mwachibwana, ngati sadakhumudwe. Adayang'ana kutsogolo nthawi yaitali osayankha, kenaka adati: "Mphwanga, tatsika upepuze ngolo, Sikochi akutsimphina." Ndidatsika, iwonso adatsika, ndipo tidayenda wapansi tonse awiri mpaka kukafika mdima utagwa.