Auto-rotate: foni ikamatembenuka yokha

Ambiri kuno ku Kasungu akaona zolembedwa pafoni zagona chammbali amati foni yafa, ena mpaka kuthamangira nayo kwa okonza. Sinafe ayi. Yangomvera kabatani kolembedwa kuti Auto-rotate.

Mawuwa ndi achingelezi. Auto ndiye kuti chinthu chikuchitika chokha, pomwe rotate adachokera ku mawu achilatini akuti rota, kutanthauza gudumu. Alangizi akamanena za rotation pa ulimi amatanthauza kasinthasintha wa mbewu, fodya chaka chino, chimanga kapena mtedza chaka chamawa. Pafoni tanthauzo lake ndi kutembenuka basi. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa accelerometer komwe kamamva ngati mwaiimika kapena mwaigoneka.

Pomwe pamavuta ndi apa. Tiyerekeze mlembi wa kalabu ya alimi ali ku msika wa fodya wa Chinkhoma, akulemba manambala a mabelo pa pulogalamu ya m'foni. Mnzake wamugunda chigongono, foni yapendekeka, zonse zomwe analemba zafufutika. Mlandu si wa mlembiyo. Pa Android, foni ikatembenuka, tsamba lomwe munali limagwetsedwa n'kumangidwanso, ndipo wopanga pulogalamu amayenera kusunga zolembedwazo kuti zibwerere. Opanga ena aulesi amangokhomerera tsambalo kuti lisamatembenuke.

Inu ngati zikukutopetsani, kokerani chala kuchokera pamwamba pa sikirini, mupeze Auto-rotate, muzimitse. Mudzayatsenso pofuna kuonera mpira.