Mapangano a chitetezo ndi mpikisano wa malonda ku Korea

Anthu a ku Korea ndi mtundu umodzi wolankhula chinenero chimodzi, koma kuyambira m'chaka cha 1945 akhala ali pansi pa maulamuliro awiri osamwerana madzi. Kumpoto kuli dziko la North Korea, lomwe likulu lake ndi Pyongyang ndipo lili ndi anthu pafupifupi 26 miliyoni. Kumwera kuli dziko la South Korea, lomwe likulu lake ndi Seoul ndipo anthu ake amaposa 51 miliyoni. Dera lonseli lazunguliridwa ndi nyanja mbali zitatu. Kumtunda lachita malire ndi China komanso Russia, kutsidya kwa nyanja kuli Japan, pamene dziko la America lili ndi asilikali ake m'kati momwemo. Pa chifukwa chimenechi, nkhani ya zida za nkhondo ndi nkhani ya msika ku Korea zimayendera limodzi, ndipo chimene chagamulidwa ndi akuluakulu a asilikali chimakafika msanga kwa mlimi, woyendetsa lole ndi mwini sitolo.

Momwe dzikoli linagawikira

Dziko la Japan linalanda Korea m'chaka cha 1910 n'kulilamulira mpaka pamene linagonja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945. Asilikali a Soviet Union analowa chakumpoto, a America chakumwera, ndipo malire awo anali mzere wa pa mapu wa nambala 38, umene sunalabadire mtsinje, phiri kapena mudzi. Mu 1948 panabadwa maboma awiri: la Syngman Rhee kumwera ndi la Kim Il Sung kumpoto, lililonse likudzitcha mwini wa dziko lonse.

Pa 25 Juni 1950 asilikali a kumpoto anawoloka malire. Mayiko 16 anatumiza ankhondo pansi pa mbendera ya United Nations kukathandiza a kumwera, ndipo awiri mwa iwo anali a mu Africa muno: Ethiopia, yomwe inatumiza asilikali oyenda pansi, ndi South Africa, yomwe inatumiza gulu la ndege. China inalowa nkhondoyo kumapeto kwa 1950 kukathandiza a kumpoto. Anthu mamiliyoni anafa, ambiri mwa iwo anthu wamba. Pa 27 Julayi 1953, ku Panmunjom, kunasainidwa chikalata choleketsa kumenyana. Chikalatacho si pangano la mtendere, ndipo boma la South Korea silinasainire nawo. Mwalamulo nkhondoyo sinathe mpaka lero. Chotsalira chake chooneka ndi maso ndi kadera kotalika makilomita pafupifupi 250, m'lifupi makilomita 4, kamene kamalekanitsa magulu awiriwa. Dzina lake limanena kuti ndi malo opanda zida, koma m'mbali mwake ndi mmene mwaunjikana zida ndi mabomba okwirira kuposa malire ambiri a pa dziko lapansi. Mzinda wa Seoul uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha kuchokera pamenepo, ndipo theka la anthu a dzikolo limakhala mumzindawu ndi madera ouzungulira.

Pangano la South Korea ndi America

Pa 1 Okutobala 1953 mayiko awiriwa anasainirana pangano lotetezana, lomwe ndilo mzati wa chitetezo cha South Korea kufikira tsopano. Asilikali a America okwana pafupifupi 28,500 amakhala m'dzikolo, ambiri ku Camp Humphreys, mu mzinda wa Pyeongtaek.

Pali mfundo imodzi pa ubale wa mayiko awiriwa imene imadabwitsa alendo. Mu Julayi 1950 Syngman Rhee anapereka mphamvu yolamula asilikali ake kwa mkulu wa nkhondo wa ku America, Douglas MacArthur. Mphamvu yowalamula pa nthawi ya mtendere inabwerera ku Seoul mu Disembala 1994, koma nkhondo itati ibuke, wotsogolera magulu a mayiko onse awiri angakhale kazembe wa ku America, wachiwiri wake n'kukhala wa ku Korea. Maboma otsatizana akhala akukambirana zobweza mphamvuyi, ndipo masiku amene anaikidwa akhala akusunthidwa. Ena ku Korea amati dziko lolemera chotero siliyenera kusiya chiwongolero cha ankhondo ake m'manja mwa mlendo. Ena amati chingwe chimenechi ndi chomwe chimamanga America kuti isathawe tsiku la mavuto. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo yomveka.

Chitetezochi sichaulere. Kuyambira mu 1991 South Korea imalipirako ndalama zosamalira asilikali a America. Mu 2019 boma la Donald Trump linafuna kuti ndalamazo zikwere kufika pafupifupi madola 5 biliyoni pa chaka, kuwirikiza kasanu, zomwe zinautsa mkwiyo ku Seoul. Mgwirizano umene unapezeka mu Okutobala 2024 unaika ndalama za chaka cha 2026 pa ma won 1.52 thililiyoni, zomwe ndi madola opitirira pang'ono 1 biliyoni. Mtolo wina amausenza ndi mabanja: mnyamata aliyense wathanzi ayenera kulowa usilikali, miyezi 18 ngati ali wa gulu loyenda pansi. Popeza kubereka kwatsika kwambiri, kufika pa mlingo wa 0.72 pa mayi mmodzi mu 2023, chiwerengero cha anyamata olowa usilikali chikuchepa chaka ndi chaka.

Abwenzi ndi zida za North Korea

Dziko la kumpoto lili ndi asilikali oposa miliyoni imodzi. Pangano lake lothandizana ndi China linasainidwa mu Julayi 1961, ndipo pafupifupi malonda ake onse akunja limachita ndi China. Mu 2003 linatuluka m'pangano loletsa kufala kwa zida za nyukiliya. Linaphulitsa bomba lake loyamba loyesera mu Okutobala 2006, ndipo pofika Sepitembala 2017 linali litayesa kasanu ndi kamodzi. Zokambirana za mayiko asanu ndi limodzi zomwe zinayamba mu 2003, ngakhalenso misonkhano ya Kim Jong Un ndi Donald Trump ku Singapore mu 2018 ndi ku Hanoi mu 2019, sizinaletse ntchitoyi.

Bungwe la United Nations linayankha ndi ziletso za malonda. Mu 2017 linaletsa North Korea kugulitsa kunja malasha, nsalu ndi nsomba, ndipo linaika malire a mafuta oyengedwa olowa m'dzikolo pa migolo 500,000 pa chaka. Ziletso zotere zimalunjika kwa olamula, koma msodzi ndi mayi wosoka m'fakitale ndi amene amayamba kuzimva. Anthu a kumeneko akukumbukirabe njala ya m'zaka za m'ma 1990, pamene thandizo la Soviet Union linatha, madzi osefukira anawononga minda ndipo boma linalephera kugawa chakudya. Timisika ta anthu wamba totchedwa jangmadang tinakula m'nyengo imeneyo, ndipo amayi ndiwo ankatiyendetsa kwambiri.

Pa 19 Juni 2024 Vladimir Putin ndi Kim Jong Un anasainirana ku Pyongyang pangano lonena kuti mmodzi akaukiridwa, mnzake amuthandiza ndi ankhondo. Miyezi ingapo pambuyo pake asilikali a North Korea anatumizidwa ku dera la Kursk ku Russia kukamenyana ndi a Ukraine, chinthu chimene maboma onse awiri anavomereza mu Epulo 2025. Kumbali inayo, atsogoleri a America, Japan ndi South Korea anali atakumana kale ku Camp David mu Ogasiti 2023 n'kulonjezana kuti azikambirana msanga pakakhala chiopsezo. Motero magulu awiri a atatuatatu ayamba kuonekeranso monga zinalili kale.

Pamene chitetezo chigundana ndi msika

South Korea inali m'gulu la mayiko osaukitsitsa itatha nkhondo. Lero imagulitsa dziko lonse magalimoto a Hyundai ndi Kia, mafoni a Samsung, sitima zapamadzi, ndi tizipangizo tosunga zinthu m'makompyuta ndi m'mafoni totchedwa ma chip. Chovuta n'chakuti woiteteza ndi America, koma kasitomala wake wamkulu kwa zaka pafupifupi makumi awiri wakhala China, yomwe inakhazikitsa nayo ubale mu 1992. Zaka zina China yokha inkagula gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu yense wotuluka m'dzikolo.

Nkhani ya ku Seongju imasonyeza bwino mmene ziwirizi zimagundirana. Seongju ndi boma la alimi, lotchuka ndi mavwende ang'onoang'ono achikasu. Mu Julayi 2016 kunalengezedwa kuti kumeneko kuikidwa zida za America zowombera mizinga idakali m'mlengalenga, zotchedwa THAAD. Boma la Seoul linati cholinga ndi kudziteteza ku mizinga ya North Korea. China inati makina ounikira a zidazo atha kusuzumira mpaka m'dziko lake. Alimi a ku Seongju, amene sanafunsidwe, anachita zionetsero poopa kuti mudzi wawo usanduka chandamale ndipo ogula athawa mavwende awo. Agogo okalamba ankakhala pansi pa msewu kutsekereza malole a asilikali. Malo oika zidazo anali bwalo la gofu la kampani ya Lotte, ndipo kampaniyo itavomera kulipereka, masitolo ake ambiri ku China anatsekedwa pa zifukwa zonena za chitetezo cha moto, mpaka inagulitsa n'kuchokako. Mu Malichi 2017 maulendo a magulu a alendo ochokera ku China anaimitsidwa. Alendo a ku China anatsika kuchoka pa 8 miliyoni mu 2016 kufika pa 4 miliyoni ndi pang'ono mu 2017. Eni malo ogona, ogulitsa mafuta odzola ndi oyendetsa mabasi a alendo, amene sanaonepo chida cha THAAD ndi maso, ndiwo analipira mtengo wake.

Ndi Japan nako kunavuta mu 2019. Khoti lalikulu la South Korea litagamula mu 2018 kuti makampani a ku Japan alipire anthu amene anagwiritsidwa ntchito yokakamiza m'nthawi ya utsamunda, Japan inakhwimitsa malamulo otumizira mankhwala atatu ofunika popanga ma chip ndi magalasi a mafoni. Anthu ku Korea ananyanyala mowa ndi zovala za ku Japan, ndipo boma linaopseza kuti lithetsa pangano logawana zinsinsi za chitetezo. Zinthu zinabwerera m'malo mu 2023.

Chitsanzo chimene mlimi angachimve msanga ndi cha urea. Mu Okutobala 2021 China inachepetsa urea wotuluka m'dziko lake pofuna kusungira alimi ake feteleza. Ku South Korea malole a dizilo amakono sayenda popanda madzi a urea oyeretsa utsi, ndipo pafupifupi urea yense wa ntchito imeneyi ankachokera ku China. Pasanathe mwezi, madalaivala anali pa mizere italiitali, ndipo boma linachita kutumiza ndege ya asilikali ku Australia kukatenga malita 27,000 okha. Dziko lopanga zipangizo zapamwamba linatsala pang'ono kuima chifukwa cha chinthu chimene mlimi wa chimanga amachithira m'phando.

Ngakhale bwenzi lenilenilo limapanikiza. Pangano la malonda la South Korea ndi America linayamba kugwira ntchito mu Malichi 2012, koma mpunga sunalowemo, chifukwa alimi a mpunga ali ndi mawu aakulu pa ndale za dzikolo. Mpunga wakunja wopitirira mlingo wololedwa umalipira msonkho wa 513 peresenti. Mu 2008 anthu zikwizikwi anadzaza misewu ya Seoul kukana nyama ya ng'ombe ya ku America. Kuyambira mu 2022 America yakhala ikuletsa makina amakono opangira ma chip kulowa ku China, pamene Samsung ili ndi fakitale ku Xi'an ndipo SK Hynix ili nayo ku Wuxi. Mu 2025 boma la Trump linaopseza katundu wa ku Korea ndi msonkho wa 25 peresenti. Pa mgwirizano wa kumapeto kwa Julayi msonkhowo unatsika kufika pa 15 peresenti, South Korea italonjeza kuika madola 350 biliyoni m'ntchito za ku America, kuphatikizapo zopanga sitima. Boma la Seoul linati silinatsegule msika wa mpunga ndi nyama kuposa mmene unalili.

Pofuna kuchepetsa kudalira mbali imodzi, South Korea yakuza malonda a zida, monga akasinja, mizinga ndi ndege zomwe inagulitsa ku Poland mu 2022, ndiponso ikufunafuna miyala ya mtengo wapatali kwina. Msonkhano wake woyamba wa atsogoleri ndi mayiko a mu Africa unachitika mu Juni 2024, ndipo Malawi inali nawo. Miyala monga graphite, yofunika popanga mabatire a galimoto zamagetsi, inali pakati pa nkhani zazikulu, ndipo mwala womwewo ukupezeka ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

Zimene zatsala pakati pa abale

Panali nthawi imene malonda ankaoneka ngati mlatho. Ku Kaesong, chakumpoto kwa malire, makampani oposa 120 a kumwera analemba ntchito anthu a kumpoto oposa 50,000 osoka zovala, nsapato ndi kulumikiza tizipangizo. Ntchitoyo inayamba mu 2004 ndipo inatsekedwa mu Febuluwale 2016, North Korea itayesanso bomba. Mu Juni 2020 a kumpoto anaphulitsa nyumba ya ofesi yolumikizirana yomwe inali mumzinda womwewo, ndipo kumapeto kwa 2023 Kim Jong Un analengeza kuti mayiko awiriwa ndi adani, osati abale oyembekezera kugwirizana.

Anthu oposa 130,000 a ku South Korea analembetsa ku boma kuti akufuna kuonana ndi abale awo amene anasiyana nawo pa nkhondo. Makalata ndi mafoni siziloledwa kuwoloka malire. Ochepa amene anasankhidwa mwa maere anaonana kwa maola owerengeka pamaso pa akuluakulu a boma, kenako n'kutsazikana pa mawindo a basi. Kukumana komaliza kunachitika ku phiri la Kumgang mu Ogasiti 2018. Ambiri mwa olembetsawo anamwalira kale, ndipo otsalawo ochuluka apitirira zaka 80.